Mandasi a ku Ndirande m'khitchini ya ku Scarborough

Mwana wanga wamkazi ali ndi zaka 6 ndipo anabadwira konkuno ku Canada. Loweruka lina tikuchokera kogula ndiwo, ndinaima pa Tim Hortons n'kumugulira kabokosi ka Timbits monga timachitira nthawi zonse. Nditalumako kamodzi ndinangoti, "Timandasi take tosakhutitsa iti." Mwanayo ali kumpando wakumbuyo anandifunsa m'Chingerezi kuti kodi mandasi n'chiyani.

Ndinamuyankha mothamanga kuti ndi Timbits za ku Malawi, iye n'kukhutira, n'kupitiriza kudya. Koma ine yankho limeneli linandikhala pakhosi njira yonse. Timbits zinayamba kugulitsidwa mu 1976, ndipo kwa ana a kuno ndi tinthu tongosangalatsa pakamwa akamachokera kumpira. Kwathu mandasi anali fizi. Anali yunifolomu, sopo, palafini ndi lendi. Dipuloma ya za makompyuta imene ndikudyera lero inayambira m'chiwaya cha amayi anga ku Ndirande. Ndiye mwana wanga weniweni osadziwa n'komwe dzina lake? Chinandipweteka kwambiri n'chakuti ineyo, amene ndinagulitsa mandasi zaka zambirimbiri, sindinkadziwa kapangidwe kake.

Ndowa ya m'mamawa

Bambo anamwalira ndili Sitandade 5, ana tilipo anayi. Kupulayimale kunalibe fizi chifukwa boma linali litachotsa mu 1994, koma kusekondale kunali kolipira, kuwonjezerapo ndalama za mayeso a JCE ndi MSCE. Amayi analibe ntchito yolembedwa. Chimene anali nacho ndi mbaula, chiwaya chakuda bii, beseni lalikulu ndi dzanja lawo lamanja.

Ufa ankakanda usiku tisanagone, n'kuuvundikira ndi chitenje. Ikamati 3 koloko m'bandakucha amakhala atakoleza kale makala, ndipo ife tinkadzutsidwa ndi fungo la mafuta. Pofika 5 koloko ndowa ya pulasitiki yoonekera mkati imakhala itadzaza. Ntchito yanga inali kuinyamula n'kukaima m'mbali mwa njira imene anthu amatsikira wapansi kupita kumafakitale a ku Makata, foloko kudzanja, timapepala tokulungira m'thumba. Ena ankagula awiri oti akamwere tiyi. Ena mandasi omwewo ndiye inali nkhomaliro yawo. Analipo otenga pangongole podikira malipiro a pakutha pa mwezi, ndipo amayi ankawasunga onsewo m'mutu, opanda kope. Ine ndikathamangira kusukulu, iwo ankabwera kudzakhala pandowapo mpaka masana.

Pachiwaya sankandilola kuyandikira. "Iwe zako ndi ndowa ndi sukulu," ankatero. Choncho ndinkadziwa mtengo, ndinkadziwa kubweza chenji, ndinkadziwanso makasitomala okonda mandasi opserera pang'ono, koma zimene zinkalowa m'beseni muja ayi.

Pali chinthu china chimene ndakhala nacho mumtima zaka zoposa 20. Ndili Folomu 2, anzanga anayamba kunditcha "Chimandasi" chifukwa yunifolomu yanga inkanunkha mafuta. Tsiku lina tikuchokera kusukuluko tili gulu, tinadutsa pamene amayi anakhala ndi ndowa yawo. Ndinayang'ana kumbali ngati sindikuwadziwa. Madzulo sananene kanthu, anangondipatsa nsima. Akuluakulu amati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Mwambiwu ndinkaudziwa bwino lomwe, ndinkaulembanso pamayeso a Chichewa.

Dzanja litasiya kugwira

Patangopita miyezi iwiri chichitikireni za Timbits zija, mlongo wanga anandiimbira usiku kuti amayi agwa ndipo ali kuchipatala. Inali sitiroko. Mulungu anatichitira chifundo, kulankhula kunabwerera, kuyendanso akuyenda ndi ndodo, koma dzanja lamanja silinabwerere mwakale. Chiwaya anachipachika.

Apa m'pamene ndinazindikira kuti mwa ana anayi tonse palibe anaphunzira mandasi a amayi. Mlongo wanga amapanga ake a baking powder, achangu aja, ndipo ndi okoma ndithu, koma si omwe aja. Sanalembedwe paliponse. Anali m'dzanja limene tsopano likulephera kugwira supuni.

Ndinayamba kuimba pa WhatsApp Loweruka lililonse. Nthawi yozizira Malawi amakhala patsogolo pathu ndi maola 7, nthawi yotentha maola 6, ndiye 9 koloko m'mawa ya kuno ndi chakumadzulo kwathu, amayi atakhala pakhonde, mlongo wanga atawagwirira foni. Nditawauza cholinga changa anaseka mpaka kutsokomola.

"Iwe, ku Canada konseko wapita kukakazinga mandasi? Makompyuta atha?"

"Ayi Amayi, ndikufuna mdzukulu wanu awalawe. Tandiuzani, ufa mumathira wochuluka bwanji?"

"Wokwanira."

"Nanga madzi?"

"Uzithira pang'onopang'ono, dzanja likuuza lokha."

Abale anzanga, pantchito panga munthu akandiuza kuti "kompyuta sikugwira" ndimadziwa kuti ulendo ulipo, chifukwa mawu amenewo sandiuza chimene chavuta. Mayankho a amayi anali a mtundu womwewo. Ndiye ndinachita zimene ndimachita kuntchito: kuyesa, kulemba zimene zachitika, n'kusintha chinthu chimodzi chokha ulendo wotsatira. Ndinagula kasikelo ka m'khitchini ndi thermometer, n'kutsegula kope. Akazi anga ankangondiyang'ana n'kumati, "Bambo a mwana, mandasi omwewa mpaka kope?"

Miyala, mphira ndi alamu

Oyamba anatuluka olimba gwa, oti ukhoza kugendera galu. Ufa sunafufume n'komwe. Zolakwa zinali ziwiri. Ndinasungunula yisiti m'madzi ochokera m'ketulo, osadziwa kuti yisiti ndi chinthu chamoyo ndipo madzi akafika cha m'ma 60°C amafa. Kenako beseni ndinaliika pafupi ndi zenera, mu Januwale, kunja kuli snow. Ku Ndirande ngakhale mu Juni kukazizira, beseni linkagona pafupi ndi mbaula yofunda. Kuno mphepo ya pazenera yokha imagonetsa yisiti tulo.

Achiwiri anafufuma koma potafuna ngati mphira. Apa ndinavutika masabata awiri, mpaka tsiku lina ndinawerenga zolemba za pathumba la ufa. Tirigu wa ku Canada, amene amalimidwa kwambiri ku Saskatchewan, Alberta ndi Manitoba, ndi wamphamvu. Thumba la all-purpose limene ndimagula limalemba kuti m'magalamu 30 a ufa muli magalamu 4 a mapuloteni. Mapuloteni amenewa ndi amene amapangitsa ufa kutamuka ukakandidwa, ndipo amamwa madzi ambiri. N'chifukwa chake ufa wa kuno umapanga buledi wabwino. Ine ndinkaukanda mwamphamvu ngati ndikulimbana ndi munthu, madzi ndathira ochepa. Mankhwala ake anali kuwonjezera madzi ndi kuchepetsa ukali wa manja.

Achitatu ndi amene anandichititsa manyazi pafulati. Sitovu yamagetsi ndinaitsegula mpaka kumapeto poganiza kuti moto wambiri ndiye wabwino. Mandasi anada kunja nthawi yomweyo, mkati ali aawisi, mafuta n'kuyamba kufuka. Alamu ya utsi inalira, mwana n'kuyamba kulira nayenso, akazi anga akukupiza ndi thaulo, ine ndikutsegula mazenera onse kuzizira kuli koopsa. Mwayi wake sindinatsegule chitseko cha kukolido. M'nyumba zambiri zosanjikizana utsi ukafika kumeneko umadzutsa alamu ya nyumba yonse, ndiye ozimitsa moto n'kubwera, anthu onse n'kutsikira panja chifukwa cha mandasi anu.

Posakhalitsa kunamveka kugogoda. Anali mayi wina wa ku Nigeria amene timayandikana naye khomo. Anabwera kudzaona ngati tili bwino, koma atangoona mbale anafuula kuti, "Puff-puff!" Tinaseka tonse. Chakudya chimenechi chili ndi abale ake pafupifupi mu Africa monse. Ku Ghana amati bofrot, ku Congo mikate, ku South Africa amagwinya, ku Zambia vitumbuwa. Samalani apa, chifukwa zitumbuwa zathu za ku Malawi ndi zina, za nthochi ndi ufa wa chimanga. Ku Tanzania ndi ku Kenya kuli mandazi, dzina lofanana ndi lathu, koma awo nthawi zambiri amawadula a makona atatu ndipo ena amathiramo mkaka wa kokonati ndi zonunkhiritsa.

Mayi uja anayang'ana poto wanga n'kupukusa mutu. Mafuta anali ochepa. Anandiuza kuti mandasi ayenera kusambira, osagunda pansi, ndipo akamasambira bwino ambiri amatembenuka okha mbali imodzi ikapsa. Chiwaya cha amayi chinali chakuya pakati, ndiye mafuta ochepa ankakwanira. Poto wanga anali wotambalala.

Achinayi anali osiyana ndi achitatu. Poopa alamu ndinachepetsa moto kwambiri, n'kuponyamo mandasi ambiri nthawi imodzi. Mafuta anazizira, mandasi n'kuwamwa. Ukawafinya ankadontha.

Maso ndi makutu a amayi

Loweruka lachisanu ndi chimodzi ndinasintha njira. M'malo mofunsa mafunso, ndinaimika foni pashelefu kuti amayi aziona zonse.

Nditasakaniza anati, "Tanyamula ufawo m'mwamba ndione mmene ukugwera." Ndinanyamula. "Wauma. Thira madzi." Ndinathira, koma ndikuyeza kaye pasikelo. "Tanyamulanso. Eya, pang'ononso. Basi! Usathirenso." Ufawo unali wofewa kuposa mmene ndinkaganizira, womata m'manja, wotamuka pogwa koma osayenderera ngati phala. Ndinalemba nambala.

Kenako anandiuza kuti ndisamaukande ngati buledi koma ndiziumenya ndi dzanja, kuukokera m'mwamba n'kuubwezera m'beseni, mpaka zibuluma zitatha. Nditavundikira ndinayamba kusuzumira pafupipafupi. "Iwe, usiye! Kuona maso a nkhono n'kudekha." Tinadula foni, n'kuimbanso patatha ola.

Pa mafuta ndi pamene anandidabwitsa. Anandiuza kuti ndiponyemo kachidutswa kakang'ono ka ufa. "Kakamira n'kukhala pansi, mafuta sanatenthe. Kakada pompo, watenthetsa. Kazimira, uwerenge mpaka katatu kapena kanayi, kenako kabwere pamwamba kakuvina." Nditaponya mandasi oyamba anati, "Sendeza foniyo pafupi ndi poto." Anamvetsera ali chete. "Chepetsa moto pang'ono, akulira mokalipa." Ndinachepetsa. "Eya, pamenepo."

Ndinaviika thermometer m'mafuta muja. Inawerenga 175°C, kutentha kumene mabuku a zophikaphika amalangiza pokazinga zinthu zotere. Mayi amene sanagwirepo thermometer anapeza nambala imeneyo ndi khutu, pa foni, ali kutsidya kwa nyanja.

Muyezo umene ndinalemba

Nawu muyezo wa m'kope langa, wa ufa wa kuno. Umatulutsa mandasi pafupifupi 30, kutengera kukula kwa dzanja lanu.

Ufa wa all-purpose, magalamu 500, omwe ndi makapu 4 osadzaza kwambiri
Shuga, magalamu 100, theka la kapu
Mchere, supuni yaing'ono imodzi
Yisiti wa instant, kapaketi kamodzi ka magalamu 8
Madzi ofunda, mamililita 450
Mafuta okazingira, lita imodzi ndi theka

Sakanizani ufa, shuga, mchere ndi yisiti m'beseni lalikulu. Madzi akhale ofunda ngati osambitsira khanda, oti chala chikhoza kukhalamo osamva kuwotcha. Thirani mamililita 400 poyamba, otsalawo muzithira pang'onopang'ono mukuona mmene ufa ukumwera. Menyani ndi dzanja kwa mphindi 3 kapena 4. Ngati yisiti wanu ndi wa active dry, kapena wakhalitsa m'kabati, muyeseni kaye m'madzi ofunda a shuga pang'ono. Pakatha mphindi 10 popanda thovu, ameneyo wafa, musawonongere ufa.

Vundikirani beseni n'kuliika mu uvuni wozimitsa, mutayatsa kababu ka mkati kokha. Kababu kameneko kamapereka kufunda kokwanira, ndipo ndi mbaula yathu ya kuno. Pakatha ola limodzi ufa ukhale utafufuma kuwirikiza kawiri, pamwamba pakuoneka timabowo. Nthawi yozizira ukhoza kufuna ola ndi theka. Amayi ankathira yisiti wochepa n'kuusiya usiku wonse, ndipo kakomedwe kenikeni kaja kamachokera pamenepo. Mukafuna kutero, thirani theka la kapaketi, ugoneke mufiriji, m'mawa muutulutse ukhale ola limodzi musanakazinge.

Za shuga, musatengeke. Shuga wambiri amachedwetsa yisiti ndiponso amadetsa mandasi msanga mkati musanapse. Ofuna mandasi onona akhoza kusintha theka la madzi ndi mkaka n'kuswera dzira limodzi, koma a ku Makata analibe zimenezo. Amayi amati dzira linkadya phindu.

Tengani poto wakuya, wolemera pansi, ndipo mafuta afike masentimita 7 kapena 8 koma asapitirire theka la poto. Ine ndimagwiritsa ntchito canola, mafuta amene mbewu yake inakonzedwa konkuno ku Canada m'zaka za m'ma 1970. Ndi otsika mtengo, alibe fungo, ndipo amapirira moto. Tenthetsani mpaka 175°C, imene ndi 350°F kwa amene zipangizo zanu zimawerenga choncho.

Kuumba ndi kumene kumafuna kuzolowera. Ikani mbale ya madzi pafupi, nyowetsani dzanja, tapani ufa, fumbatani n'kufinya kuti kampira katulukire pakati pa chala chachikulu ndi cholozera. Kagwetseni muli pafupi ndi mafuta, osati kuponya muli patali, chifukwa mafuta akakuthovukirani mudzandikumbuka. Dzanja likhale lonyowa chabe, losadontha madzi. Oyamba adzatuluka ndi michira ndi nyanga, musadandaule, ana amakonda omwewo. Zikakanika, tapani ndi supuni ziwiri zopaka mafuta. Ikani 6 kapena 7 nthawi imodzi, muziwatembenuza, ndipo pakatha mphindi 4 akhale atafiira mbali zonse. Tswanipo amodzi muone mkati. Tsanulirani musefa kapena pamapepala opukutira a m'khitchini, ndipo musawavundikire akadali otentha chifukwa amachita thukuta n'kufewa.

Zoti tisamale kuno

Kwathu tinkakazingira panja. Kuno tikukazingira m'nyumba zamatabwa ndi m'mafulati, momwe moto wa munthu mmodzi ndi wa anthu onse. Kuphika ndi chimodzi mwa zinthu zimene zimayambitsa moto wa m'nyumba kawirikawiri muno mu Ontario. Musachoke pamafuta ali pamoto, ngakhale foni ya kumudzi ikulira. Chivundikiro cha poto chikhale pafupi. Mafuta akayaka, zimitsani sitovu, vundikirani, ndipo musanyamule potoyo. Madzi musathire ngakhale dontho, chifukwa moto umalumpha mpaka kudenga. Ukakula, tulukani n'kuimba 911. Ndipo musachotse batire la alamu kuti mukazinge mwamtendere. Lamulo la Ontario limafuna kuti alamu ya utsi izigwira ntchito nthawi zonse. Yatsani fani ya pamwamba pa sitovu, tsegulani zenera pang'ono, tsekani zitseko za kuchipinda kuti majekete asanunkhe mafuta.

Mafuta akazizira asefeni n'kusunga m'botolo, mukhoza kukazingiranso kawiri kapena katatu. Akada kapena kuyamba fungo, atha ntchito. Musawathire musinki chifukwa amatseka mapaipi. Ku Toronto ochepa mukhoza kuwamwetsa m'mapepala opukutira n'kuponya mu Green Bin, koma ambiri amafunika kupita nawo kumalo a mzinda olandirira zinyalala zotere. Okhala ku Mississauga, Brampton ndi madera ena aone malamulo a kwawoko.

Kwa amene mukufuna kulongedzera ana m'chikwama cha kusukulu, kumbukirani kuti sukulu zambiri kuno sizilola chakudya cha mtedza, chifukwa pali ana amene akhoza kufa nacho. Ontario ili ndi lamulo la mu 2005 lotchedwa Sabrina's Law lokhudza kuteteza ana oterewa. Choncho mafuta a mtedza, kapena amene munakazingiramo mtedza, asayandikire mandasi a kusukulu.

Ngongole yakale

Tsiku limene mandasi anatheka lija, ndinanyema amodzi pamaso pa kamera kuti amayi aone mkati. Anali ofewa, a timabowo, nthunzi ikutuluka. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Ufa wagula zingati?" Ndinawauza. "Mafuta?" Ndinawauzanso. "Ndiye atuluka angati?" Ndinaona milomo yawo ikuyenda, akuwerengera. "Ukulitsa kwambiri. Ukamagulitsa chonchi udzagwa pasanathe mwezi."

Tinaseka, ndipo m'kuseka momwemo ndinalimba mtima. Mlongo wanga anali atapita kukatunga madzi, foni ataitsamiritsa pampando.

"Amayi, mukukumbukira tsiku lina ndili Folomu 2, ndinadutsa pandowa panu ndi anzanga osakupatsani moni?"

"Ndikukumbukira."

"Munandiona?"

"Ndingalephere kuona mwana wanga? Unavala malaya amene ndinasita ndekha."

"Pepani Amayi. Ndinalakwa kwambiri."

Anakhala chete pang'ono, kenako anati, "Zinandiwawa, sindikunama. Koma ndinati bola akuchokera kusukulu. Ndowa ija ndinkakhalira kuti iwe usadzakhalepo. Zinatha zimenezo. Tapatsa mwanayo mandasi asanazizire."

Ndinamuitana mwana uja. Ndinamuthirira tiyi wa Chombe amene mnzathu wina anatibweretsera kuchokera kumudzi, wamkaka, n'kumuonetsa kuviika. Analuma, n'kutafuna, n'kutenganso ena. Mayi ake anamunong'oneza mawu, iye n'kuyang'ana pafoni n'kunena m'Chichewa chake chopindika, "Agogo, mandasi akoma. Zikomo." Agogo ake anayesa kuwomba m'manja, dzanja lamanzere likumenya lamanja lija lili pamwendo.

Usiku womwewo ndinajambula tsamba la m'kope langa n'kutumiza pagulu la banja lathu pa WhatsApp, ndili wonyada kuti mandasi a amayi tsopano alembedwa. Patatha masiku atatu mlongo wanga anayankha kuti wayesa muyezo wangawo ku Ndirande ndipo watuluka phala. Ufa umene anagula kumsika sunamwe madzi ngati wa kuno. Anachita kuwonjezera ufa amayi akumuuza ali pampando, mpaka anati basi.

Choncho nanunso muyezo ndakupatsaniwu muutenge ngati poyambira. Ufa wa ku Leeds, wa ku Johannesburg kapena wa ku Dallas udzafuna madzi akeake. Pansi pa tsamba lija ndinawonjezera mzere wina ndi bolopeni yofiira: "Uzithira pang'onopang'ono, dzanja likuuza lokha." Ngati kwanu kuli munthu amene ali ndi chakudya chake m'manja, kaya ndi chigumu, thobwa, chambiko kapena futali, muimbireni Loweruka likubwerali, muimike foni pashelefu, iye azikuonani mukulakwitsa.

Kwathu kuno Loweruka m'mawa tsopano ndi la mandasi. Pamafuta mwana sindimulola, akadali wamng'ono. Koma pabeseni amakwera pakampando, n'kupinda malaya, n'kulowetsa dzanja lonse mu ufa. Sabata yatha anaunyamula m'mwamba, n'kuuyang'ana ukugwa, n'kundiuza kuti, "Adadi, wauma."